Chikwangwani cha Moto pa Thankala Yako

Kacholola, Nyimba

Mwana wanga Tikambenji,

Lelo ndatseka msanga pamseu. Nthochi zotsala ndawasiyila anzanga andigulitsile, ine ndabwela kudzakhala pansi pa mango kuseli kwa nyumba, pepala lili pabondo. Iwe uli m'kati ukusita yunifolomu yako, ndikumva nsimbi ikugunda pathebulo. Ndikanatha kukuitana tikambe pakamwa, koma udziwa mmene zimathela ine ndi iwe. Ine ndiyamba, iwe useka, ine ndikwiya, nkhani yafela pomwepo. N'chifukwa chake ndalemba. Kalatayi ndiika m'thumba la chikwama chako, ukawelenge basi ikawoloka mtsinje wa Luangwa.

Kunena zoona, mutu wanga sunavomelebe. Mailo kukacha ukwela basi ya ku Lusaka, ndipo akakupatsa makiyi udzayamba kukoka thankala ya mafuta kuchokela ku Beira, kulowela pamalile a dziko pa Chanida, n'kudutsa pakhomo pathu pano. Zaka zonsezi ndakhala m'mbali mwa mseu uno ndikuona zimphona zimenezi zikukwela phili, nthaka ikunjenjemela kumapazi, nthochi zikuvina pathebulo. Ndinali kuziyang'ana ngati mmene munthu ayang'anila mtambo wakuda wa mvula. Sindinaganizepo kuti pampando wa m'mwamba uja padzakhala mwana amene ndinam'sambitsa m'beseni. Tsiku lija unandionetsa pafoni ukubweza thankala cham'mbuyo pakati pa migolo osagunda ndi umodzi womwe, ndinaomba m'manja pamaso pako, koma utachoka ndinakhala pansi n'kupemphela.

Za magiya ndi mabuleki sindingakuuze kanthu. Unakaphunzila, pepala uli nalo, ndipo malamulo a katundu woopsa uwadziwa kuposa ine. Ine ndili ndi nkhani imodzi chabe: zikwangwani zija zimakhala m'mbali ndi kumbuyo kwa thankala, cha manambala akuda ndi chinzake chofiila chojambulidwa lawi la moto. Kusukulu anakuuza kuti ndi lamulo. Ine ndifuna udziwe mmene zionekela kwa ife oima pansi.

Chikwangwani choyamba chimene ndinachiopa sichinali pagalimoto. Udziwa kuti ndinabwela kuno ndili kamtsikana, tikuthawa nkhondo kwathu ku Mozambiki, ndipo ndinakulila kumalo a othawa kwawo m'boma la Petauke. Nkhondo itatha, ine ndi mlongo wanga, amalume ako a Zuze, tinapita kukaona ngati mudzi wathu ulipo. Tinaupeza. Koma dambo la kumtsinje linali lozingidwa ndi timitengo, ndipo patimitengopo anakhomapo malata ofiila ojambulidwa chigaza ndi mafupa. Pansi pamenepo panali mabomba okwilila. Ndinaima nthawi yaitali ndikungoyang'ana. Udzu unali wobiliwila bwino, agulugufe akuuluka, mbalame zikulila, dambo ngati dambo lina lililonse. Imfa inali itagona m'nthaka ngati mbatata, ndipo chotiuza ife chinali kachilata basi. Amalume ako anaona lata labwino lopanda dzimbili. Anazula limodzi la kumapeto, nati, "Alipo ambili awa, limodzi silisowa. Likhala chitseko cha khola la nkhuku." Ine ndinaseka, ndinaona ngati nzelu. Sipanapite nthawi, ng'ombe ya munthu wa mudzi wina inalowela pampata womwewo. Tili pakhomo tinamva nthaka ikudumpha, mbale zinagwa pathandala. Mwini ng'ombe anali kumbuyo pang'ono, anapulumuka ndi dothi m'maso ndi m'kamwa. Amalume ako ananyamuka pomwepo. Anakagwetsa chitseko cha khola, nkhuku zili balala, nathamanga kukabwezela lata lija.

Umve pamenepa, Tika. Amene anakhoma lata lija anali kudziwa kale kuti pali bomba, sanadzikhomele yekha. Anakhomela munthu wa mudzi wina amene sadziwa kanthu. Iwe udzadziwa chimene wanyamula, mapepala adzakhala m'kabini mwako. Chikwangwani si chako. Ndi cha mlendo amene adzafika pathankala yako iwe usanam'uze mawu ndi amodzi omwe.

Chachiwili ndinachitola ndekha, ndipo ichi useke ndithu. Nditangokwatiwa ndi atate ako tinakhala pa Minga, pafupi ndi mphambano. Iwo anali kuwotchelela zitsulo, ine ndikuotcha chimanga pambaula m'mbali mwa mseu. M'mawa wina ndinapeza m'udzu kachitsulo kofiila, ka ngodya zinayi ngati dayamondi ya pamakadi, kojambulidwa lawi lokongola. Chigaza panalibe, ndiye sindinaope. Ndinati Mulungu wandipatsa chikwangwani cha bizinesi. Ndinakapukuta ndi chitenje, n'kukakhoma pamtengo wa kasakasa kanga kuti apaulendo aone kuti pano pali chootcha.

Tsiku lotsatila thankala ina inaima patali ndithu, kupitilila masitolo onse. Dalaivala wake, bambo wamfupi wa dazi, anabwela wapansi. Amenewo ndiwo a Daka, amene dzina lawo umalimva m'nyumba muno. Anafika, nayang'ana pamtengo, nayang'ana ine.

"Amai, mugulitsa petulo pano?"

"Iyai, chimanga. Simuona moto uwo ndajambulitsa?"

Anaseka mpaka kugwila m'mimba. Kenaka anasiya kuseka mwadzidzidzi.

"Munachitola kuti?"

"Apo pamseu, dzulo m'mawa."

"Ndiye kutsogoloku kuli mnzanga akuyenda ndi mbali imodzi yosalankhula," anatelo.

Anagula chimanga, nakhala pabenchi, nayamba kundiphunzitsa ngati mwana wa sukulu, akuloza magalimoto odutsa. Chofiila cha lawi ndi katundu woyaka. Chachikasu ndi katundu amene sayaka yekha koma akakumana ndi moto amaupatsa mphamvu, monga feteleza uja amapita kumigodi. Chakuda ndi choyela, chojambulidwa madzi akudonthela padzanja, ndi asidi, amadya mnofu ndi chitsulo chomwe. Cha chigaza ndi poizoni. Ndipo anandilozela nambala ya pathankala yawo, 1203.

"Iyi ndi petulo. Ku Beira ndi petulo, ku Lusaka ndi petulo, ku Congo ndi petulo, ngakhale kutsidya kwa nyanja kumene sitinafikeko. Wozimitsa moto wa dziko lililonse akaiona adziwa chochita. Ikakhala 1202 ndi dizilo."

Mwana wanga, ine pamenepo ndinazizwa. Ine ndine munthu amene ndinavutika ndi zinenelo. Ndinabwela ndi chinenelo cha kwathu ndi Chiputukizi cha apa ndi apo, ana a kuno akundiseka, ndinaphunzila Chinsenga ndi misozi, Chizungu chinandikana mpaka lelo. Ndiye kumva kuti anthu a maiko onse, odana ndi okondana, anakhala pansi n'kugwilizana pa kalankhulidwe kamodzi kochenjezana, kakuti ngakhale wosadziwa kuwelenga aone lawi n'kubwelela m'mbuyo, thupi langa linachita tsemwe. Kuyambila tsiku limenelo mseu unasintha m'maso mwanga. Ndinayamba kuona kuti pamaso panga tsiku ndi tsiku pamadutsa moto, poizoni ndi madzi odya chitsulo, zonse zitagona phee m'migolo, ife tikukazinga nsawawa pambali pake.

A Daka anatulutsa pulayala m'thumba nazula kachitsulo kanga. Ndinadandaula kuti nanga kandilakwila chiyani.

"Mukakasiya pano anthu azolowela kukaona pachimanga," anati. "Tsiku lina adzakaona pathankala n'kukayesa masewela."

Chimenecho usunge, Tika. Chikwangwani chisamaname, ngakhale bodza looneka laling'ono. Ngati wanyamula dizilo, nambala ikhale ya dizilo. Ngati akusinthila katundu, tsika, usinthe nambala ndi manja ako, usadalile kuti okwezela mafuta asintha. Ndipo ngati thanki yatsukidwa ndithu ndipo mulibe kanthu, usayende ukuopseza anthu ndi lawi lopanda moto.

Koma ndati yatsukidwa, sindinati yatha mafuta. Kusiyana kwake kuli m'khutu lamanzele la atate ako. Unakula ukudziwa kuti polankhula nawo uziima kumanja, ndipo unauzidwa kuti inali ngozi ya kuntchito. Lelo umve mmene inachitikila. Ndinali ndi pakati pako. Masana ena kunabwela dalaivala wachilendo ndi thankala yopanda chikwangwani chilichonse, mbali zonse mbee. Makwelelo a pambali anali atathyoka, anafuna awotchelele msanga apitilize ulendo. Atate ako anafunsa, ine ndikumva ndili pambaula kutsidya kwa mseu.

"Munanyamula chiyani umu, bambo?"

"Mulibe kanthu, mdala. Ndatsitsa zonse. Simuona palibe chikwangwani?"

Anali atazichotsa yekha atangotsitsa petulo, kuti apolisi a pamseu asamamuimitse pafupipafupi. Atate ako anagogoda thanki ndi hamala, inalila ngati ng'oma yopanda kanthu. Anayang'ananso m'mbali, palibe lawi, palibe nambala. Anatsitsa chigoba chowotchelela kumaso nayatsa moto.

Ine sindinamve phokoso. Anthu amadabwa ndikanena zimenezi, koma ndi zoona. Ndinamva ngati munthu wandikankha pachifuwa ndi manja awili, ndipo ndinapezeka nditakhala pansi, chimanga chili mbwee. Nditakweza maso ndinaona chivundikilo cha kumbuyo kwa thanki, chitsulo chachikulu kuposa chitseko cha tchalitchi, chili m'mwamba chikuzungulila pang'onopang'ono ngati tsamba louma. Chinadutsa pamwamba pa mseu, pamwamba pa mawaya a magetsi, n'kukagwela m'munda wa nsawawa. Pambuyo pake amuna ambili anayesa kuchisuntha, chinakana, mpaka anakabweleka ng'ombe. Ndipo chimene chinachiponya si mafuta, mafuta munalibe. Ndi fungo chabe, mpweya wotsala m'thanki, chinthu chosaoneka chimene sungachigwile m'dzanja.

Atate ako tinawapeza m'ngalande, nsidze zitapsa, magazi akutuluka m'khutu. Chimene chinawapulumutsa n'chakuti anali pambali, osati kumbuyo. Anagona kuchipatala cha mishoni, ndipo atatuluka sanagwilenso ntchito ya moto. N'chifukwa chake tinasamukila kuno ku Kacholola, kumene amai anga anali ndi kamunda, iwo n'kuyamba kulima ndi kukonza njinga. Dalaivala uja sanavulale. Anali atapita kukamwa tiyi.

Ndiye ukatsitsa mafuta ku Lusaka n'kumabwelela wopepuka, akadzakuuza anzako kuti chotsa zikwangwani uyende bwino, uwauze kuti atate ako amamva ndi khutu limodzi. Thanki yopanda mafuta koma yosatsuka ndiyo yolusa kwambili. Zikwangwani zikhale pomwepo mpaka otsuka atsuke ndi kukupatsa umboni. Ndipo munthu aliyense wobwela ndi moto pafupi, kaya wowotchelela, kaya wa ndudu, umuuze zoona ndi pakamwa pako, usayembekeze kuti afunse bwino.

Manje ndikuuze za tsiku limene unaliona ndi maso ako koma sungalikumbuke, chifukwa unali kumsana kwanga. A Daka anatipezanso kuno. Anadabwa kundiona pamsika wa Kacholola, nati, "Amake Tika, mwanditsatila?" Kuyambila pamenepo paulendo uliwonse anali kuimika kutali, n'kubwela wapansi kudzagula nthochi, iwe n'kukupatsa siwiti. Inali nyengo ya mvula, masana, kumwamba kutada. Udziwa khona ija ili kumtunda kwa msika, pamene ngalande imatsika kudutsa kumbuyo kwa tisakasa tathu. Lole ina inali kupitilila inzake pakhonapo. A Daka anali kutsika. Anakhotetsa kuti asawombane, matayala analowa m'matope, thankala inapendeka pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, n'kugona chammbali. Inakwekweleka m'matope ofiila mpaka yonse inasanduka dothi, osadziwikanso mtundu wake.

Mawu anayenda msanga kuposa munthu. "Dizilo! Dizilo watayika!" Sindidziwa anayamba ndani. Anthu a kuno dizilo samuopa, amadziwa kuti sagwila moto msanga, ndipo wa chigayo amagula. Msika wonse unanyamuka. Amuna ndi zigubu, azimai ndi mabeseni, ena anakhuthula madzi akumwa pansi kuti apeze chotungila. Ine ndinatenga ndowa yanga, iwe uli kumsana, n'kuthamanga nawo. Sindinadziwe kuti ndi thankala ya ndani, ndipo sindinaganize chilichonse. Anthu akathamanga, miyendo imathamanga yokha.

Tili pafupi ndinaona munthu akutuluka pawindo la kabini. Anagwa pansi, nadzuka. Dzanja limodzi linali lende, lopindika pamalo posapindika, nkhope yonse magazi. Ndinawazindikila ndi dazi, anali a Daka. Munthu wina aliyense akanathawa, kapena kukhala pansi n'kulila. Iwo anayang'ana gulu likubwela ndi zigubu, natembenuka, napita kumbuyo kwa thankala kumene mafuta anali kuthovoka. Anavula shati ndi dzanja limodzi, kukoka ndi mano, nayamba kupukuta matope. Anapukuta, napukuta. Choyamba kunatuluka kufiila, kenaka lawi, kenaka manambala. Anaima pambali pake, chifuwa chili pamtunda, akumenya chikwangwanicho ndi chikhatho.

"Onani! Onani apa! Si dizilo, ndi petulo! Bwelelani!"

Mawu awo anali ochepa pakati pa phokoso lonse lija, ambili sanawamve. Koma lawi analiona. A kutsogolo anaima, a kumbuyo anawagunda. Ine ndinawelenga nambala ija ndipo ndowa inagwa yokha m'manja. Apo m'pamene mphuno yanga inamva fungo, lakuthwa, lotsekemela, lolowa mpaka m'mano. Ndinayang'ana pansi. Mafuta anali kutsika m'ngalande pamodzi ndi madzi a mvula, akunyezimila mitundu yonse, ndipo pamwamba pake mpweya unali kuvinavina ngati pamseu nthawi ya dzuwa. Ngalande imeneyo inali kupita kumsika. Kumsika tinasiya mbaula zili ngwee.

A Daka anandiona. "Amake Tika! Mbaula!"

Sindinathamangepo chomwecho chibadwile. Iwe unali kulila, mutu ukugunda pamsana panga. Ndinali kukuwa, "Zimani moto! Zimani moto!" Azimai anzanga anamva, tinabalalika pamsika wonse. Madzi tinali titataya, ndiye tinazima ndi chilichonse, thobwa, madzi otsukila mbale, matope otapa ndi manja. Wina anathila mphika wonse wa nyemba pamakala. Wina anathyola ndudu pakamwa pa mwamuna wake n'kuiponda. Mwamuna wina anafuna kuliza njinga yamoto kuti aithawitse, anzake anam'gwila, naikankha ndi manja.

Atate ako anali kudimba, kugwa kwa thankala sanakumve. Anabwela ataona anthu akuthamanga. Atangomva fungo anaima ngati agundidwa. Ndinaganiza kuti athawa, ndipo palibe akanawanena. Koma anafunsa, "Dalaivala ali kuti?" Ndinaloza. A Daka anali akadali pomwepo, atagwada tsopano, akubweza ouma mutu amene anali kuyesabe kuzembela ndi zigubu. Atate ako anakwela mtunda uja, munthu amene chichitikileni ngozi yake sankafuna ngakhale kuyandikila palafini, nawanyamula kumsana ngati mwana, natsika nawo kudzela m'munda wa chimanga.

Tonse tinakwela kaphili ka kuseli kwa sukulu. Tinakhala pamenepo tikuyang'ana, ndipo kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Ena anayamba kung'ung'udza kuti tathawa chabe, mafuta akupita pachabe. Ndiye kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akupumila m'botolo. Pambuyo pake a Daka anati mwina anali mawaya a batile, koma palibe adziwa.

Tika, ndakhala ndikufuna mawu ofotokozela moto umenewo kwa zaka zonsezi, sindinawapeze. Unayamba m'ngalande, mzele wabuluu wothamanga kuposa njoka, kutsika mpaka kumsika ndi kukwela mpaka kuthankala nthawi imodzi. Kenaka kumwamba kunatseguka. Lawi linaima ngati mtengo wa mlambe, n'kupitilila, n'kupitilila, mpaka tinapendeka makosi. Linali ndi mawu, kubangula kosalekeza kumene unali kukumva m'mimba osati m'makutu. Pamene tinaima panali patali, koma kutentha kunatimenya kumaso ngati tatsegula uvuni, ndinakutembenuzila kumbali ina. Mvula inayamba kugwa koma siinafike pansi pamalopo, inali kusanduka nthunzi m'mwamba. Masamba a nthochi a m'mbali mwa mseu anafota tikuona. Phula linasungunuka n'kuyenda ngati uchi. Masana kunada ndi utsi, nkhuku zinakalowa m'khola. Gulu lonse lija, anthu a pamsika amene sakhala chete ngakhale m'tchalitchi, linali zii. Bambo wina wachikulile anavula chipewa. Ine ndinali kungoganiza kuti chinthu chonsechi chinali m'kati mwa mgolo uja, chakhala chikudutsa pano tsiku ndi tsiku, ndipo amachigwila ndi munthu mmodzi wokhala pampando.

Tisakasa tathu tinapsa tonse. Munthu mmodzi anapsa kumsana chifukwa anabwelela kukatenga njinga, koma ali moyo mpaka lelo. Malilo sitinaike. Ozimitsa moto atafika kuchokela kutali, funso lawo loyamba linali lakuti munali chiyani, ndipo msika wonse unayankha nambala ija pamodzi ngati ana a sukulu.

A Daka sanayendetsenso, dzanja linapola lokhota. Anabwela kudzationa atachila, pabasi. Ndinawafunsa chimene chinali kundivuta mumtima.

"Bwanji simunathawe, bambo? Munali kudziwa kuti iphulika."

Anasenda nthochi ndi mano, natafuna, nati, "Katundu ndi wanga mpaka nditam'peleka kwa mwini wake. Akatayika pansi akadali wanga."

Anthu otelo ndiwo ukulowa pakati pawo mailo, mwana wanga. N'chifukwa chake sindinakuletse, ngakhale anzanga amati ntchito imeneyi si ya mwana wamkazi. Ndiopa, inde. Koma ndinaona ndi maso anga kukula kwa ntchitoyi, ndipo sindidziwa ina yoposa.

Ndiye tamvela. M'mawa uliwonse usanalize injini, zungulila thankala yako wapansi. Ona kumanja, ona kumanzele, ona kumbuyo, ona kutsogolo. Gwila chikwangwani chilichonse ndi dzanja, umve ngati chalimba, chifukwa mabampu a mseu uno amamasula zitsulo, ndipo kutsogolo kuli mai wina wopusa ngati ine amene adzachitola. Ona ngati nambala ikugwilizana ndi mapepala. Ona ngati nambala ya foni yoitanila thandizo ikuwelengeka. Chikafufuta ndi dzuwa, vuta mabwana ako mpaka akupatse china, ngakhale akutche wovuta. Ukhale ndi kansalu m'kabini ka ntchito imeneyi yokha. Nyengo ya mvula, paliponse waima, pukuta. Nyengo ya fumbi, pukuta. Anzako akaseka kuti mkazi sasiya kukolopa, aseke, iwe pukuta. Usayembekeze tsiku lopukuta ndi shati, dzanja lili lothyoka.

Ndipo ngati tsiku loipa lidzafika, Mulungu aletse, usachite manyazi kukuwa. Ndidziwa iwe, sukonda kukweza mawu pagulu. Anthu obwela ndi zigubu si oipa, ndi ife tomwe, ndi amako. Sitiona chimene iwe udziwa. Tiuze, utilozele, utithamangitse ngakhale ndi miyala. Ukatelo nawenso uthawe, usaime nthawi yaitali ngati a Daka, chifukwa kumeneko atate ako sadzakhalako oti akunyamule.

Zina zonse udziwa. Ugone ukatopa. Usatsegule mpopi kugulitsa ngakhale kabotolo, kaya akuchondelele bwanji. Uzipemphela usanatsike mapili a Luangwa. Uziimba foni Lamulungu, atate ako uziwalankhula mokweza.

Chotsiliza ndi chimene chandivuta kulemba. Ndidziwa chimene ukuganiza, chifukwa unauza anzako ndipo anzako sasunga nkhani. Ukufuna paulendo wako woyamba udzaime pamsika penipeni, patsogolo pa kasakasa kanga, udzatsike ndi yunifolomu anthu onse akuona, kuti amene anali kunena aone. Inenso ndalota zomwezo, sindikubisila. Koma usadzatelo. Pamsika pali mbaula, yanga ndi za anzanga, pali ana, pali osuta. Ukadzafika pa Kacholola utanyamula, udzachepetse liwilo, udzalize hutala, ine ndidzadziwa kuti ndi iwe. Ndidzaima m'mbali mwa mseu ndi nthochi m'manja, ndidzakuona ukudutsa m'mwamba muja, ndipo ndidzauza aliyense wondimva kuti uyo ndi mwana wanga. Iwe udzapitilile, ukaimike kutali kopanda nyumba, kumene malamulo ako akulola. Ngati nthawi ilipo, ubwele wapansi. Ngati palibe, pita. Ine ndidzakhala nditakuona.

Ndine amako,
Malita